Kumene Kutentha Kumathawira

Ndinafika ku Greenock mu Januwale,
folo koloko isanakwane kunja kutada kale,
mphepo ya pa mtsinje wa Clyde ikulowera m'mikono ya jekete.
Ntchito yanga ndi kugogoda pa makomo a eni
n'kumafufuza kumene kutentha kumathawira.

Mayi Elspeth Gilfillan anatsegula atavala majuzi atatu
ndi chipewa cha malemu amuna awo.
"Musavule nsapato, mwanawe," anatero,
"pansi pano pamaluma."

Ndinaloza kamera yanga kukhoma.
Pofunda imaonetsa kufiira, pozizira buluu.
Chipinda chonse chinatuluka buluu
kupatula ketulo,
mphaka,
ndi nkhope yawo.

Kuseri kwa kabati chuku chinali chitakwawa mpaka kusiling'i.
Pa mita panatsala mapaundi awiri, Lachisanu lili kutali.
Masamu awo anandiuza osayang'ana papepala:
hita ola limodzi m'mawa, ola limodzi madzulo.
Masana amakwera basi yaulere ya okalamba
mpaka ku Largs n'kubwerera,
osati kukaona munthu, ayi,
kungoti m'basimo mumafunda.

Fomu inali ya masamba khumi ndi anayi.
Pa tsamba lachisanu ndi chinayi penshoni ya amuna awo
inadumpha mzere ndi mapaundi asanu ndi imodzi pa sabata.
Munthu anawotcherera zitsulo za sitima zaka makumi atatu,
lero thukuta lake lomwelo likutsekera mkazi wake pakhomo.
Ndinaluma cholembera.
Iwo anangoseka: "Alasdair chikhalire
ankadana nazo zaulere."

Masabata asanu ndili pafoni.
Kukhonsolo akuti dikirani,
kukampani akuti funsani kukhonsolo.
Chinatsegula khomo lina ndi kakalata ka dokotala,
mizere itatu yonena za chifuwa chawo.
Mpaka lero zimandiwawa
kuti mapapo ayambe awonongeka kaye
denga lisanakumbukiridwe.

Anyamata odzayala thonje lotchinga kuzizira anati
m'dengamo mukhale mopanda kanthu pofika Lolemba.
Apa mayi aja anakhala duu.
Zaka zisanu ndi ziwiri chikwerereni kumeneko.

Ndinakwera ndine, Loweruka, tsiku losalipidwa.
Ine kutsitsa, iwo kulandira pansi pa makwerero:
chophimba kumaso powotcherera, galasi lake long'aluka,
ovolosi yonunkhabe utsi,
sutikesi ya makalata, wailesi yopanda batani,
mtengo wa Khirisimasi wopindika mutu.
Chilichonse ankachigwira nthawi yaitali,
mkono wanga uli lende ndi chinthu china, ukudikira.
Sitinataye ngakhale chimodzi.
Tinaunjika zonse pabalaza, mphaka n'kugona pamwamba.

Lolemba anayala mipukutu ija, anamata mipata ya m'mazenera,
anazula boyila yakale
yomwe inkatsokomola mopikisana ndi mwini wake.

Mu Malichi ndinabwereranso ndi kamera ija.
Makoma anali atayamba kufiirira, pang'ono chabe.
Sindinama, pakona ya kumpoto chuku chidakalipo,
mtengo wa gasi sunatsike poona nkhope zathu,
ndipo mumsewu womwewo muli makomo makumi anayi
omwe sindinagogodepo,
ena mwa iwo opanda dokotala wowalembera kalata.

Koma tsiku limenelo anali atavala juzi imodzi.
Chipewa chinali pamsomali.
Anandiuza ndivule nsapato, ndisadetse kapeti.
Tikumwa tiyi ndinafunsa ngati akupitabe ku Largs.
"Lachinayi lokha," anatero, akupukuta nthunzi pamagalasi awo,
"dalaivala uja angaganize kuti ndinafa."